Kapinga wapakhomo safuna kuthirira tsiku ndi tsiku

Kukangotentha mu Okutobala anthu ambiri a m'tauni amauza mnyamata wapabwalo kuti azithirira kapinga tsiku lililonse, iye amatenga payipi mwina 12 koloko masana dzuwa lili paliwombo, kuwazawaza pamwamba mphindi 5 basi wathana nazo. Abale, uku ndi kutaya madzi ndi ndalama zomwe, komanso kapingayo mukumufooketsa.

Madzi owaza pang'ono amangonyowetsa pamwamba, ndiye mizu nayo imangokhala pamwamba pomwepo sipita pansi kukafuna chinyezi, tsiku limene pampopi pauma kapinga yense amafota nthawi yomweyo. Chofunika ndi kuthirira kwambiri koma mwapatalipatali, kawiri pa sabata kwakwana pa dothi la katondo ngati la ku Lilongwe. Pa mchenga, monga kunyanja ku Salima kapena Mangochi, madzi sakhalitsa ndiye mutha kugawa katatu.

Nanga madzi ake ochuluka bwanji? Nyengo yotentha kapinga amafuna pafupifupi mamilimita 25 (25 mm) pa sabata. Masamu ake ngosavuta, 1 mm pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi ndi lita imodzi. Ndiye bwalo la mamita 10 kwa 10 limamwa malita 2,500 pa sabata, omwe ndi madiramu a 200 litazi 12 ndi theka. Mukaona nambala imeneyo mumvetsa chifukwa chake mayunitsi a madzi amatha msanga, ndipo ena mutha kuganiza zochepetsa bwalolo, kusiya kapinga poonekera ndi posewera ana pokha.

Musamangoyerekeza, yezani. Tengani zitini zopanda kanthu za nsomba kapena za tomato zitatu zinayi, ziikeni motalikana pabwalo, tsegulani sipirinkala muone nthawi imene yatenga kuti madzi afike sentimita imodzi ndi pang'ono m'chitinimo. Nthawi imeneyo ndiye ya kuthirira kumodzi ngati mukuthirira kawiri pa sabata, muuzeni mnyamata aidziwe. Chitini china chikadzadza china chili chouma ndiye kuti sipirinkalayo ikukondera, isuntheni. Mukamaliza bayani pansi ndi sikuludiraiva, ikalowa mosavuta masentimita 15 madzi afika pomwe mizu ikuwafuna.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, isanakwane 8 koloko, mphepo imakhala ili zii ndipo madzi sauluka ndi kutentha. Usiku ayi, masamba amagona onyowa mpaka kucha ndipo matenda a chuku amayambira pamenepo. Mukaona madzi ayamba kuyenderera kupita mumsewu tsekani kaye, dikirani theka la ola alowe, kenako pitirizani. Katondo akauma gwaa amatero, kumubayabaya ndi foloko yakudimba kumathandiza kwambiri.

Chinanso chomwe chimandiwawa ndi kumeta kapinga mpaka dothi kuonekera. Chilimwe kwezani makina otchetchera, kapena amene akugwiritsa chikwakwa asamapale pansi, udzu wotalikirapo umaphimba nthaka ndipo chinyezi chimakhalitsa. Feteleza wa urea dikirani mvula, m'chilimwe angomuwotcha kapingayo kapena kumuwonjezera ludzu.

Madzi otsukuluzira zovala ndi osambira mutha kuthira pa kapinga, bola asakhale a Jik kapena amafuta a kukhitchini, ndipo muzisinthasintha malo othirapo.

Madzi akavuta kwenikweni musakhumudwe kuona bwalo lachita bulauni. Kapinga weniweni uja ali ndi timitsitsi toyanga pansi pa nthaka, amangogona kudikira mvula ya Novembala kapena Disembala n'kuphukanso. Kikuyu, mtundu wina wa udzu wapabwalo, naye amapirira ndithu ngakhale safika pa kapinga. Chomwe musachite ndi kumudzutsa ndi madzi sabata ino, kumusiya sabata ziwiri, kenako kumuthiriranso, zimenezo zimamumalizira chakudya chomwe anasunga m'mizu. Sankhani chimodzi, kuthirira mokwanira kapena kumusiya agone, ndipo akagona galimoto isamaimikidwepo.