App yowerenga masitepe, iyeseni kaye panjinga

Ndimalemba ma app olimbitsira thupi ndili konkuno ku Chipata, ndipo ndimayang'anira anzanga atatu pantchito. Wina akati code yatha, ndimamuuza kuti tseka kompyuta, ika foni m'thumba, tiye ku msika wa Kapata tikayese app.

App yanga yoyamba inkawerenga masitepe ndi accelerometer, kachipangizo ka m'foni komva kugwedezeka. M'nyumba inkagwira bwino ndithu. Tsiku lina ndinakwera njinga ya hayala pamsewu wa maenje, ndipo potsika ndinapeza foni ikundiyamikira kuti ndayenda mtunda wautali, chonsecho wotuluka thukuta anali wopalasa uja. Kuyambira pamenepo, ndisanawerenge sitepe ndimafunsa kaye Activity Recognition, chida cha Android chozindikira mmene munthu akuyendera, kuti munthuyu akuyenda pansi, akupalasa kapena ali m'galimoto. Kuyambira pa Android 10 muyenera kupempha chilolezo cha mwini foni, ndiye mufotokozereni chifukwa chake m'mawu ochepa, apo ayi akana.

Kenako batire. GPS imadya moto koopsa, ndipo munthu amene magetsi amuzimira chim'mawire sangasunge app yomuthera batire. GPS muiyatse munthu akayamba kuthamanga, muizimitse akangoima. Yeserani pa Tecno kapena Itel yakale yomwe anthu ali nayo, yodula ya bwana ija ikhale yomaliza.

Netiweki musaidalire. Zonse zisungidwe kaye m'foni ndi Room, chida cha Android chosungira deta, kenako WorkManager, chida choyendetsa ntchito app isanatsegulidwe, izitumize intaneti ikabwera. Wothamanga amene bandulo yamuthera ali pamwamba pa phiri la Kanjala asataye ulendo wake.

Kugunda kwa mtima kochokera ku wotchi kumafika kudzera pa Bluetooth, kapena mumakutenga mu Health Connect, nkhokwe ya deta ya zaumoyo, yomwe ili kale mkati mwa Android 14. Pa iPhone ndi HealthKit. Izi ndi zinsinsi za thupi la munthu, ndipo lamulo la Zambia loteteza deta ya anthu, Data Protection Act ya 2021, limaziika m'gulu lofuna chisamaliro chapadera. Tengani zokhazo zimene app ikufunikira.

Pa ukulu wonsewu, chimene chimandivuta ndi kuona code ya wina ili ndi cholakwika koma osaikonza ndekha, ngakhale manja akuyabwa. Ndimangolemba funso pambali: nanga foni ikazima ali pakati pa ulendo? Mawa lake ndimamuona akuzungulira pabwalo, akuzimitsa foni n'kuyatsanso.