Kuika injini ya dizilo m'malo mwa ya petulo m'galimoto ya 4x4 pakhomo

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, yang'anani kaye giyabokosi yomwe ili m'galimotoyo. Ndi yomwe ikuuzeni injini yogula. Ambiri amayamba ndi kugula injini yotchipa kwa ogulitsa za ku Japan, kenako n'kupeza kuti siikulumana ndi bellhousing (chibade cholumikiza giyabokosi ku injini), ndipo ndalama zomwe anapulumutsa zimathera pa adapter plate (chitsulo choika pakati kuti ziwirizi zilumane) ndi kwa amisiri odula zitsulo. Toyota mu Toyota, Nissan mu Nissan. Ngati n'kotheka gulani injini ndi giyabokosi yake pamodzi, mawaya ake ndi flywheel zili pomwepo.

Kumbukiraninso kuti kuno ku Johannesburg, ku South Africa, ndi pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera kunyanja. Mpweya kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. 1HZ ya malita 4.2 ya Land Cruiser ndi yolimba kwabasi, koma pamtunda mudzaimva kulemera, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. 1KZ-TE ya malita 3.0 ili ndi turbo ndipo imakoka bwino, koma pampu yake imayendetsedwa ndi ECU, kompyuta ya injini, choncho musaigule popanda kompyutayo ndi mawaya ake onse, komanso mutu wake umang'aluka ikatentha mopitirira. Kwa amene mumapita nayo kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi Tete, ife tinganene kuti sankhani ya pampu wamba yopanda kompyuta, monga 1HZ, TD42 ya Patrol kapena 300Tdi ya Land Rover. Makaniko wa m'njira angathe kuikonza ndi sipanala.

Pogula injini, ilizeni ili yozizira. Tsegulani chotsekera cha oyilo injini ikulira; ngati pakufuka utsi wambiri, ma ring atha. Onani ngati sitata ndi alitaneta zili za 12V, chifukwa injini zina zochokera ku Japan zimakhala za 24V. Ndipo musachoke opanda invoisi yolembedwa nambala ya injiniyo.

Pakhomo pafunika kireni yonyamulira injini ya matani awiri, pansi pa simenti pathyathyathya, ndi zitsulo zochirikizira galimoto. Jeke yokha musaikhulupirire. Injiniyo isanalowe, sinthani lamba wa timing ngati ili nayo, pampu ya madzi, thermostat, kilatchi ndi oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft. Kilatchi ndi oil seal zikatsala, mudzatsitsanso giyabokosi patangopita miyezi yochepa.

Giyabokosi isasunthe pamalo pake. Ikasunthira kutsogolo kapena kumbuyo, ma propshaft (mashafuti ochoka ku giyabokosi kupita ku madifu) onse awiri ayenera kudulidwa ndi kuwabalansa. Choncho lumikizani injini ku giyabokosi, muipachike pa kireni, ndiye mupime pomwe ma mounting agwere pa chasisi. Agwiritseni pang'ono chabe ndi moto wowotcherera, muonenso zonse, kenako muwotcherere kwenikweni. Apa ndi pomwe ambiri amapwetekera: sump, beseni la oyilo la pansi pa injini. Galimoto itaima pamakhala mpata pakati pa sump ndi difu ya kutsogolo, koma mukagwera m'dzenje ekiselo imakwera n'kumenya sump, oyilo yense pansi. Pimani mpatawo ekiselo itafika pa bump stop (labala yoletsa ekiselo kukwera mopitirira), osati galimoto ili phee. Ngati mwagwiritsa ntchito adapter plate, pimani ndi dial gauge kuti isapatuke koposa mamilimita 0.13, apo ayi spigot bearing idzadyeka ndipo magiya azivuta kulowa. Injini ya dizilo ndi yolemera kuposa ya petulo, choncho masipuling'i a kutsogolo nawonso asinthidwe.

Tsopano za mabuleki, zomwe si zamasewera. Injini ya petulo imapereka vacuum (mphamvu yoyamwa mpweya) ku booster, chomwe chimafewetsa buleki, kudzera ku manifold, pomwe ya dizilo ilibe vacuum yotere. Imafuna pampu yakeyake, yomwe pa injini zina imakhala kumbuyo kwa alitaneta. Mukasintha alitaneta n'kuika wamba, buleki idzauma gwa mukangoiponda kawiri kapena katatu.

Thanki itsitsidwe ndi kutsukidwa. Pampu ya petulo ya m'thanki ichotsedwe, chifukwa imakankha mwamphamvu kuposa momwe pampu wamba ya dizilo imafunira. Pafunika mapaipi awiri, yopita ndi yobwerera, ndi fyuluta yokhala ndi kapu yogwira madzi. Pakamwa pa thanki lembanipo zilembo zazikulu kuti ndi dizilo. Anyamata a pa filing'i amaona galimoto, saona injini.

Mawaya a injini ya pampu wamba ndi ochepa: waya wa moto wopita ku stop solenoid (chotsegula ndi kutseka dizilo pa pampu) kuchokera ku kiyi, relay ya ma glow plug (zotenthetsa injini poiliza) yokhala ndi fyuzi yake, batire yaikulu, ndi waya wonenepa wa earth kuchoka pa injini kupita ku chasisi. M'mawa wa June kuno kumazizira mpaka chisanu, ndipo ma glow plug ofooka adzakuchedwetsani ku ntchito. Ladiyeta ikhale ya injini yomwe mwaikayo, shroud ya fani isatayidwe, ndipo pa injini ya turbo ikani geji ya kutentha kwa utsi. Isamakhalitse pamwamba pa madigiri 700.

Poiliza koyamba, popani dizilo ndi kapampu ka pa fyuluta mpaka thovu lithe, masulani pang'ono mapaipi a ma injector, zunguzani sitata mpaka dizilo atuluke, mumangenso. Khalani ndi thabwa pafupi. Turbo yakutha ikalowetsa oyilo m'injini, injiniyo imathamanga yokha ngakhale mutazimitsa kiyi, ndipo njira yoiimitsira ndi kutseka polowera mpweya ndi thabwalo, osati ndi dzanja.

Zotsala ndi mapepala. Ku ofesi ya malayisensi mukatenge fomu yopempha police clearance, apolisi a SAPS akaone nambala ya injini ndi invoisi ija, galimoto ikhale ndi ma microdot (timadontho ta nambala yozindikirira galimoto), ikapimidwe kulemera pa weighbridge, idutse roadworthy, kenako nambala yatsopano ilowe mu NaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto. A inshuwalansi auzeninso, asadzakane kulipira. Pa boda amatha kutsegula boneti n'kuyerekeza nambala ya injini ndi ya pa mapepala, choncho ulendo wa December musaukonze kalata yatsopano ya galimoto isanatuluke.