Ululu wa miyezi: tisankhe bwanji pakati pa panado, bufeni, indosidi ndi mofini?

Dzino likamawawa, munthu amamwa mankhwala masiku awiri atatu, dzinolo n'kuzulidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ululu umene tikukamba pano ndi wamtundu wina: msana umene unayamba nthawi younga mizere chaka chatha ndipo mpaka lero sunaleke, mawondo a agogo olira akamadzuka pamphasa, mapazi otentha usiku mpaka munthu kuwatulutsa kunja kwa bulangete. Ululu ukapitirira miyezi itatu achipatala amauika m'gulu la matenda a mgonagona, ndipo apa kasankhidwe ka mankhwala kamasintha. Pagolosale anthu amafunsa kuti, "Amphamvu ndi ati?" Ife alangizi a zaumoyo timafuna muziyamba mwadzifunsa kuti: ndikamamwa awa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, ndi chiwalo chiti chimene chizivutika, nanga chiwalocho chili bwanji panopa? Mankhwala aliwonse opha ululu ali ndi malo ake amene amaluma. Ena chiwindi, ena m'mimba ndi impso, ena ubongo.

Tiyambe ndi panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol. Mbulu umodzi ndi 500 mg. Munthu wamkulu amamwa iwiri, n'kudikira maola anayi mpaka asanu ndi limodzi asanamwenso, ndipo pa maola 24 asapitirire mibulu 8. Malire amenewa ndi a munthu wathupi labwinobwino. Ngati kulemera kwanu sikufika makilogalamu 50, ngati muli ndi vuto la chiwindi, ngati muli pa mankhwala a TB, kapena ngati kachasu ndi mnzanu wa madzulo aliwonse, achipatala akutsitsireni muyezo. Chovuta ndi chakuti paracetamol amabisala. Mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ogulitsidwa m'maokala ali naye kale m'kati, ndiye munthu amamwa panado iwiri, n'kuwonjezera "a chimfine" awiri, osadziwa kuti wamwa chinthu chimodzi kawiri. Werengani kumbuyo kwa kapepalako, kapena mwana wa sukulu akuwerengereni. Chiwindi chikamawonongeka ndi panado wochuluka sichifulumira kudandaula. Tsiku loyamba munthu amatha kuoneka bwino, maso achikasu n'kudzabwera zinthu zitaipa kale.

Akamamwedwa mwa muyezo, panado ndi amene timayamba naye kwa amayi oyembekezera, kwa okalamba, kwa a zilonda za m'mimba ndi kwa a impso zofooka. Koma tinene chilungamo: pa msana wa miyezi ndi miyezi, anthu ambiri sawathandiza kwenikweni. Ngati mwamwa mokhulupirika milungu iwiri osaona kusintha, kuwonjezera mibulu sikuthandiza. Palinso msampha wa mutu. Munthu womwa mankhwala a mutu masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi amatha kuyamba kudwala mutu wobwera chifukwa cha mankhwala omwewo, ndipo mutuwo umaleka pokhapokha mankhwalawo akalekedwa.

Gulu limene limatidetsa nkhawa kwambiri ndi la bufeni, indosidi, diclofenac ndi asipilini. Maina ake m'kabuku ka kuchipatala mudzawaona atalembedwa ibuprofen, indomethacin, diclofenac, aspirin. Amagwira ntchito ndithu, makamaka pamene pali kutupa, monga nyamakazi ya m'mawondo ndi m'zala, n'chifukwa chake anthu amawakonda. Amatseka kapangidwe ka timadzi tina ta m'thupi toyambitsa kutupa ndi kuwawa. Tsoka lake, timadzi tomweto ndi timene timateteza khungu la m'kati mwa chifu kuti asidi asalidye, ndiponso timene timatsegula njira ya magazi opita ku impso. Mankhwalawo sasankha. Akamaziziritsa bondo, nthawi yomweyo akuvula chifu chitetezo chake ndi kuchepetsa magazi ku impso.

Taonani zimene zimachitika mwezi wa Okutobala. Bambo wa ganyu youmba njerwa, kapena wa kabaza wonyamula matumba a makala, amadzuka m'mamawa thupi lonse likuphwanya. Amatsikira pa okala, kugula indosidi iwiri yong'ambidwa pa kapepala kopanda ndi tsiku lothera ntchito lomwe, n'kumeza ndi madzi a m'chikho chimodzi, m'mimba mulibe kanthu. Tsiku lonse thukuta kamukamu, madzi osamwa, kukodza mwina kamodzi, mkodzo wake wofiirira. Madzulo msana ukabwerera amawonjezera bufeni, poganiza kuti ndi mankhwala ena. Si ena ayi, ndi a banja limodzi, ndipo kuwaphatikiza kumachulukitsa chiopsezo popanda kuwonjezera mpumulo. Impso zouma kale ndi dzuwa n'kuzitsekeranso magazi, ndi mmene anthu amphamvu zawo amafikira pa vuto la impso. Makina otsuka magazi kuno kwathu ali m'zipatala zazikulu zochepa, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo pamzere pake n'pothina.

Pali anthu amene gulu limeneli asamaligule okha n'komwe. Amene anadwalapo zilonda za m'mimba. Amene ali ndi BP, chifukwa mankhwalawa amaikweza, komanso akakumana ndi mankhwala a BP a HCTZ ndi enalapril impso zimapanikizika kuchokera mbali zitatu. Amene ali ndi shuga kapena vuto la mtima, makamaka pa diclofenac. Amene anapitirira zaka 65. A mphumu ena chifuwa chimawabanika akangomwa asipilini kapena bufeni. Amayi oyembekezera awapewe, makamaka mimba ikafika milungu 20 kupita m'tsogolo, chifukwa amasokoneza impso ndi kayendedwe ka magazi ka mwana ali m'mimba. Ana osafika zaka 16 asapatsidwe asipilini. Ndipo inu amene muli pa ma ARV, mvetserani apa: mbulu wa 13A umene ambiri akumwa uli ndi tenofovir, amene amadutsira ku impso. Paokha ndi mankhwala abwino, musawasiye. Koma kuwasenzetsa indosidi kapena diclofenac wa tsiku ndi tsiku ndi kuzipempha impso ntchito yoposa msinkhu wake. Mukapita kukatenga mankhwala, auzeni anamwino za ululuwo ndi zonse zimene mukumwa.

Ngati dokotala waona kuti bufeni ndi woyenera kwa inu, imwani muyezo wochepa umene ukugwira ntchito, masiku ochepa, pa nthawi imene ululu wakula, mutadya, ndipo madzi azikwana. Wogula yekha asapitirire 1,200 mg pa tsiku, ndiye kuti mibulu itatu ya 400 mg. Omeprazole amene ena amapatsidwa limodzi amateteza chifu chokha, impso sazidziwa. Kwa bondo kapena zala, diclofenac wopaka ndi wabwinopo kusiyana ndi womeza chifukwa wolowa m'magazi ndi wochepa. Mukaona chimbudzi chakuda bii chonanda, masanzi a magazi, mapazi ndi nkhope kutupa, kapena mkodzo kuchepa, siyani tsiku lomwelo, thamangirani kuchipatala.

Timibulu ting'onoting'ono ta prednisolone ndi dexamethasone, timene ogulitsa m'misika amasakaniza m'timapepala "ta nyamakazi", si opha ululu. Masiku oyamba munthu amamva kupepukidwa, chilakolako cha chakudya n'kubwera, nkhope n'kudzaza, anthu n'kumati wanenepa. Pansi pake shuga ndi BP zikukwera, mafupa akufewa, chitetezo cha thupi chikutsika. Mankhwala opanda dzina musagule, kaya ndi otchipa bwanji. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi limene limapereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala m'dziko muno, ndipo wapamsika woyala mibulu padzuwa chilolezocho alibe.

Tsono pali ululu wina umene onse tatchulawa amangoudutsa. Ndi wa mitsempha: mapazi kutentha ngati mwaponda phulusa la moto, dzanzi, kulasalasa, kapena kuwawa kotsalira pamalo pamene panatuluka mashingozi. Umabwera ndi shuga, HIV, mowa wambiri, ndi isoniazid wa m'mankhwala a TB, n'chifukwa chake a TB amapatsidwa pyridoxine, vitamini B6, pambali. Ena anautenga kalekale pa ma ARV akale okhala ndi stavudine. Apa achipatala amakonda kupereka amitriptyline, muyezo wochepa, usiku pogona. Ena akamva kuti mankhwalawa amaperekedwanso kwa odwala matenda a nkhawa amakhumudwa, amati adokotala andiyesa wamisala. Ayi, pa muyezo wochepa ntchito yake ndi kutontholetsa mitsempha. Safulumira, apatseni milungu iwiri mpaka inayi musanaweruze. Amaumitsa m'kamwa, amabweretsa tulo ndi chizungulire podzuka, ndiye agogo adzuke pang'onopang'ono usiku kuopa kugwa, ndipo abambo ovutika kale pokodza anene msanga. Asungeni patali kwambiri ndi ana, chifukwa mibulu yochepa chabe ikhoza kupha mwana. Carbamazepine, amene nthawi zina amaperekedwa pa ululu wa mitsempha, amafooketsa dolutegravir wa mu 13A, choncho wolemba mankhwalayo ayenera kudziwa kuti muli pa ma ARV.

Tramadol ndi codeine ndi abale ang'ono a mofini (morphine), mankhwala amphamvu kwambiri opha ululu. Pa ululu wa masiku ochepa, monga pambuyo pa opaleshoni, ali ndi malo ake. Pa msana kapena nyamakazi ya zaka, phindu lake limanka lichepa pamene thupi likuzolowera, munthu n'kumafuna wochulukirapo kuti amve chimodzimodzi. Kenako pamabwera chibaba: tsiku limene sanamwe, thukuta, kunjenjemera, kusowa tulo, ndipo iye amaganiza kuti ndi matenda aja abwerera. Tramadol wochuluka amagwetsa munthu ngati wa khunyu, ndipo chiopsezocho chimakula akaphatikizidwa ndi amitriptyline. Akaphatikizidwa ndi mowa kapena mankhwala ogonetsa a diazepam, kupuma kumatha kuima munthu ali m'tulo. Ku America anadutsamo m'njira imeneyi: kuyambira pamene OxyContin, mankhwala a gulu la mofini, analowa pamsika mu 1996, madokotala analemba mankhwala a gulu ili mowolowa manja kwa odwala msana ndi mafupa, ndipo anthu miyandamiyanda anagwidwa nawo ukapolo, ambiri n'kufa. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo a msana wa mgonagona, ndipo linanena kuti mankhwala a gulu la mofini asagwiritsidwe ntchito pa vuto limeneli.

Koma musatenge mawu amenewa n'kukamana mofini mayi amene ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, kapena bambo wa khansa ya kummero. Kuno vuto lathu ndi losiyana ndi la ku America: odwala ambiri amene akufunikadi mofini samupeza, ndipo ena akapatsidwa achibale amabisa botolo, amati "amenewa ndi omalizitsa". Zimandipweteka mtima ndikaona banja lomwelo likumupatsa wodwalayo indosidi wa pamsika mosaopa. Mofini wamadzi woperekedwa ndi achipatala, woyezedwa ndi sirinji, womwedwa maola anayi aliwonse osadikira kuti ululu uyambe wabwerera, safupikitsa moyo. Amamulola munthu kugona, kudya phala, kucheza ndi zidzukulu. Chimene chimavuta pafupifupi aliyense ndi kudzimbidwa, choncho mankhwala ofewetsa m'mimba ayambire limodzi, papaya ndi madzi zisasowe. Nseru ndi tulo ta masiku oyamba nthawi zambiri zimatha zokha. Chithandizo chotere chilipo ku Tiyanjane pa Queen Elizabeth, ku Ndi Moyo ku Salima, ndi m'zipatala zambiri za maboma ndi za mishoni. Funsani za chisamaliro cha odwala matenda a mgonagona. Botololo likhale ndi munthu mmodzi wodalirika, ndipo lotsala libwezedwe kuchipatala.

Pa msana ndi mawondo, mibulu ndi gawo chabe. Kugona tsiku lonse kumaumitsa msana; kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, masewera olimbitsa minofu amene a fiziyo amaphunzitsa, nsalu yofunda pamalo powawa, ndodo yoyendera, mpini wa khasu wautaliko, kugawa ndowa ya malita 20 kukhala maulendo awiri, zonsezi zimachepetsa mankhwala amene mungafune. Koma msana wowawa limodzi ndi kuwonda, thukuta la usiku, kutentha thupi, miyendo kufooka kapena kulephera kugwira mkodzo si wongomwera mibulu ayi. Ikhoza kukhala TB ya msana kapena khansa, ndipo ukufunika kuunikidwa msanga.

Popita kuchipatala tengani kabuku kanu ndi timapepala ta mankhwala onse amene mukumwa, a pamsika ndi a zitsamba omwe, musachite manyazi. Fotokozani mmene ululuwo umamvekera, ngati ukutentha, kulasa kapena kuphwanya, chifukwa mawu amenewo ndi amene amamuuza dokotala gulu loyenera. Gwirizanani chimene mukufuna kubwerera kuchita, kaya kugona usiku wonse kaya kufika kudimba, ndi tsiku lodzaonanso ngati mankhwalawo akukufikitsani pamenepo. Amene mwakhala pa bufeni kapena anzake kwa miyezi, pemphani kuyezedwa BP, kuchuluka kwa magazi ndi impso. Bufeni ndi panado mukhoza kusiya nthawi iliyonse. Tramadol, codeine, amitriptyline, mofini ndi prednisolone, ngati mwamwa milungu ingapo, musasiye lero ndi lero. Achipatala akutsitsireni pang'onopang'ono, makamaka prednisolone, amene kumuleka mwadzidzidzi kumatha kugwetsa BP mpaka munthu kukomoka.