Sipiliti akupha zimbale za jazi za 78

Dzinja lino chinyezi chalowa m'makabati ndipo zimbale za galamafoni, zija zozungulira ka 78 pa mphindi, zachita chuku. Chukucho chimachoka. Chomwe chikuwononga zimbale ndi mankhwala amene anthu akuthamangira: sipiliti.

Zimbale zimenezi si zapulasitiki ngati ma LP, zimbale zija zinabwera pambuyo pake zoimba nthawi yaitali. Anaziumba ndi shellac, utomoni wa tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi ku Thailand, atausakaniza ndi ufa wa miyala ndi mwaye. Funsani kalipentala momwe amapangira polishi wa mipando, akuuzani kuti amasungunula shellac yemweyo mu sipiliti. Ndiye inu mukaviika thonje mu sipiliti n'kupukuta chimbale, mukusungunula nyimbo. Thonje limada bii, mwini wake n'kumasangalala kuti litsiro likuchoka, pamene chikuchokacho ndi chimbalecho. Pamwamba pake pamamata, kenako pamatuwa. Makoma a timizere, momwe muli mawu, amasalala, ndipo choyamba kutha ndi mawu opyapyala a kilalineti ndi lipenga. Chotsala ndi phokoso la mvula padenga.

Zojambulidwa chaka cha 1925 chisanafike n'zomwe zimapweteka mtima kwambiri, chifukwa oimba ankaimbira m'chifanelo chachikulu popanda maikolofoni, mawu ake ndi ofooka kale. Taganizani za chimbale cha 1923 cha King Oliver, mtsogoleri wa gulu la jazi, chomwe kampani ya Gennett inajambula ku Richmond, Indiana, ku America, mmene Louis Armstrong anamveka koyamba. Tepi kunalibe, ndipo zitsulo zambiri zodindira za Gennett zinagulitsidwa ngati zitsulo zakutha m'zaka za m'ma 1930. Oimba aja atsala m'zimbale zomwezo basi.

Bambo wina anasiyiridwa bokosi la zimbale za Gallotone ndi agogo ake omwe anagwira ntchito ku Joni. Loweruka lina anazipukuta zonse ndi sipiliti, ndipo ataona kuti zatuwa anazipaka polishi wa nsapato kuti ziwale. Zinawaladi, koma singano inangodzaza phula. Chizolowezi chopaka mafuta, parafini kapena polishi chakhalitsa, ndipo n'chotopetsa kumachitsutsa chaka ndi chaka. Kodi mumamvera kuwala?

Kupatula kulipo kumodzi: zimbale za Edison Diamond Disc, zonenepa kuposa zinzake, zimadana ndi madzi ndipo zokhazo ndi zimene zimapukutidwa ndi sipiliti pang'ono. Musatengere pamenepo n'kumapukuta za makampani ena monga Victor kapena Okeh.

Chochita n'chachidule. Sesani fumbi ndi burashi yofewa motsatira mizere. Thirani madontho awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi oyera othira m'batire, osati asidi wake, komanso osati otentha. Tsukani msanga, pepala lapakati lisanyowe, tsukuluzani, pukutani ndi nsalu yosasiya ulusi. Musaviike, makamaka za Columbia zambiri zomwe zili ndi mapepala mkati ndipo zimafufuma madzi akalowa m'mphepete. Ziume zili chilili pamthunzi tsiku lathunthu, kenako zilowe m'maenvelopu atsopano, popeza akalewo ndi amene asunga chuku. Singano ya LP ndi yaing'ono, pafupifupi 0.7 mil (mil ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi), imagwera pansi pa mzere wa chimbale cha 78. Pezani ya 3 mil. Pagalamafoni yopukusa, singano yachitsulo imodzi ndi ya mbali imodzi yokha.