Momwe mungayesere levulo musanagule, kuti khonde lanu lisalowetse madzi m'nyumba

Mvula yoyamba ya chaka chatha inandipeza ndikukolopa pabalaza pakati pa usiku. Khonde limene tinali titangotsira simenti linkatsetserekera kuchitseko m'malo mopita kubwalo. Mmisiri analumbira kuti anayeza bwinobwino, ndipo sankanama bamboyo. Wabodza anali levulo, chida choyezera ngati malo apendekeka, imene ndinamugulira ndekha kwa mnyamata wina woyala katundu pansi mumsika, yachikasu yowala bwino, pamtengo wosafika ngakhale theka la wa m'sitolo. Simenti imene inalowa pogumula ndi kutsiranso khondelo ikanagula malevulo abwino angapo.

Muyambe mwadziwa chimene mwagwira m'manja. M'kagalasi ka levulo, momwe mumayenda kathovu ka mpweya, simuli madzi, muli sipiriti wothiramo utoto wobiriwira mopita kuchikasu. Amasankha sipiriti chifukwa kathovu kamayendamo msanga, sikakakamira m'mbali, komanso kumayiko ozizira sauma ngati madzi. Kagalasiko ndi kotupa pang'ono pakati, ndiye mpweya umathawira pamalo okwera nthawi zonse. Kumene kathovu kalowera ndiko kwakwera. Nzeru imeneyi ndi yakale, anaitulukira Melchisédech Thévenot wa ku France cha m'ma 1660, ndipo kathovu pakokha sikalakwitsa. Cholakwika chimakhala mmene kagalasiko anakamatira m'chitsulo chake. Kakapendekeka pang'ono chabe ku fakitale, kapena levuloyo ikagwa kuchokera pamwamba pa khoma, basi, izikunamizani mpaka kalekale.

Kuyesa kwake ndi uku, ndipo muchite muli m'sitolo momwemo ndalama zikadali m'thumba.

Ikani levulo pa tebulo la wogulitsa. Tebulolo silikufunika kukhala lowongoka, apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Lembani ndi pensulo pamene pathera mbali zonse ziwiri za levuloyo, kuti mukaichotsa muibwezere pamalo omwewo ndendende. Dikirani kathovu kaime. Maso anu akhale moyang'anizana ndi kagalasi, osati chakumbali, ndipo muone kuti kaima pati: pakati penipeni pa mizere iwiri ya pakagalasi, kapena kakukhudza mzere wakumanja, kapena kadutsako pang'ono. Tsopano zungulitsani levuloyo kuti mbali imene inali kumanja ipite kumanzere, pansi pake pakhalebe pansi. Ikani m'mizere ya pensulo ija.

Kathovu kayenera kubwerera pomwe kanali, kumbali yomweyo ya tebulo. Ngati kanatsamira kumanja kwanu, katsamirenso kumanja mofanana, chifukwa tebulolo silinasunthe. Koma ngati poyamba kanali kumanja ndiye mutazungulitsa kapita kumanzere, kapena kanali pakati kenako kathawa, ibwezeni. Wogulitsa adzakuuzani kuti tebulo ndilo lopendekeka. Musamumvere. Kupendekeka kwa tebulo sikuzungulira pamodzi ndi levulo.

Ine nditayesa yanga ija titagumula kale khonde, kathovu kankasiyana ndi pafupifupi theka la kutalika kwake. M'maso zimaoneka zochepa. Koma mmisiri ankayenda nayo atailozetsa mbali imodzimodzi kuchokera pachitseko mpaka kumapeto, ndiye cholakwacho chinkangounjikana mita iliyonse. Akanakhala kuti amaitembenuza pakayezedwe kalikonse, cholakwa cha apa chikanafafaniza cha apo. Amisiri akale amachita zimenezi mwachizolowezi, ngakhale levulo yawo ili yabwino. Malevulo apamwamba amalembedwa pambali kuti amaphonya ndi 0.5 mm pa mita imodzi. Yanga inalibe cholembedwa chilichonse kupatula dzina la kampani lofanana ndi lotchuka lija, atangosintha chilembo chimodzi.

Kagalasi kachiwiri, koyezera ngati khoma laima chilili, kayeseninso. Gundikizani levulo pakhoma kapena pa felemu ya chitseko, onani kathovu, kenako itembenuzeni kuti nkhope imene imayang'ana kumanja iyang'ane kumanzere, m'mphepete mwinamo ndimo mugunde khoma pamalo omwewo. Lamulo ndi lomwe lija. Musaiwale kuyang'ana m'litali mwa chitsulocho ngati mmene mumayang'anira thabwa, chifukwa zopepuka zija zimapindika zikangoponderezedwa m'thumba la zida. Yokhala ndi timathovu tiwiri kapena kathovu kotalika kodutsa mizere yonse iwiri ndiye kuti ikudontha.

Pa kutalika, ya masentimita 60 imakwana ntchito zambiri zapakhomo. Ikakuchepelani, ikhazikeni pa thabwa lowongoka kapena chitsulo chachitali. Za levulo ya pa foni ndazimva. Popachika chithunzi imathandiza, koma mafoni ambiri ali ndi kamera yotukuka kumbuyo, sakhazikika pansi, ndipo sindikufuna kuona foni ya munthu ili pa simenti yaiwisi.

Tsopano khonde lenilenilo. Khonde silifuna kathovu ka pakati ngati pabalaza, limafuna kutsetsereka. Kuyerekeza ndi maso kuti kathovu kakhudze mzere sikodalirika. Dulani kathabwa kokhuthala sentimita imodzi, kamangeni ndi selotepi pansi pa nsonga imodzi ya levulo ya masentimita 60. Nsonga ya kathabwayo iloze kubwalo, kumene mukufuna madzi apite. Kathovu kakaima pakati, ndiye kuti pansipo patsika sentimita imodzi pa masentimita 60 alionse, ndipo madzi a mvula sangaimepo. Paipi yochokera kuchimbudzi imafuna kutsika kokulirapo, ambiri amatsata 1 pa 40, kutanthauza sentimita imodzi pa masentimita 40 alionse, choncho kathabwa kake kakhale sentimita imodzi ndi theka. Mukamaliza chotsani kathabwako nthawi yomweyo, mawa wina angayezere nako windo.

Mtunda ukakhala wautali, monga kuchokera ngodya ina ya nyumba kufika ina, siyani levulo mutenge paipi yoonekera mkati, yopyapyala, mamita 10 kapena 15. Amagulitsa pa mita m'masitolo a zipangizo zomangira, ndipo muziona akuyeza chifukwa ena amaikoka poyezapo. Madzi m'paipi yotsegula mbali zonse amaima pamlingo umodzi, ngakhale paipiyo itazungulira kuseri kwa khoma. Koma kuno kathovu ndi mdani. Dzazani pokoka madzi kuchokera m'ndowa yoikidwa pamwamba, asiyeni atuluke mpaka mpweya wonse uthe, kenako gundanitsani nsonga ziwirizo muone ngati madzi aima mofanana. Akasiyana, muli mpweya penapake kapena wina waiponda. Isakhale theka padzuwa theka pamthunzi. Poyenda tsekani ndi chala, powerenga tsegulani. Madziwo mukawathira tiyi pang'ono amaoneka bwino.

Wina agwire nsonga yake kuti madzi aime ndendende pa chizindikiro choyamba, chimene ambiri amachiika mita imodzi pamwamba pa pomwe simenti idzathere. Winayo alembe pamene madzi aima kumbali kwake. Chitani chimodzimodzi ngodya zonse, yezani ndi tepi kutsika pansi, khomani zikhomo, kokani chingwe. Za kusakaniza simenti ndi kusalaza mukuzidziwa kale.

Tsiku lotsatira, mmisiri asanalandire ndalama yomaliza, khuthulani ndowa ya madzi pafupi ndi chitseko nonse mukuona. Levuloyo muipukute simenti isanaumirepo, muipachike pamsomali, ndipo nthawi iliyonse ikagwa kapena ikabwera kobwerekedwa muiyesenso patebulo.