Mmene mungachezere tchalitchi chachikulu cha ku Cologne

Njira yabwino yolowera mu mzinda wa Cologne ku Germany ndi ya sitima, chifukwa mukangotuluka pa siteshoni yaikulu, tchalitchi chija chimakhala chitaima pamaso panu, ndipo nsanja zake ziwiri, zotalika mamita 157, zimakukakamizani kupendeketsa khosi mpaka chipewa kugwa.

Fikani m'mawa anthu asanachuluke, koma yambani mwafunsa nthawi za Misa, pakuti pa nthawi ya mapemphero alendo saloledwa kuyendayenda mkatimo. Abambo avule zipewa, ndipo onse amvere alonda ovala mikanjo yofiira, amene amaonetsetsa kuti nyumbayi isasanduke msika.

Musanalowe, zungulirani kaye kunja. Mudzaona zipilala za miyala zochirikiza makoma chakunja, ndipo chinsinsi cha kamangidwe kakale ka ku Ulaya kotchedwa Gothic chagona pamenepo: popeza zipilalazo ndizo zimasenza kulemera kwa denga, amisiri anatha kuika mawindo aakulu a magalasi pamene pakanakhala khoma. Mwala woyamba unaikidwa mu 1248, ntchito inaima kwa zaka mazana angapo, inayambiranso mu 1842, ndipo inatha mu 1880. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mabomba anagwetsa nyumba zozungulira, koma tchalitchichi, ngakhale chinavulala, chinatsala chilili.

Mkati musathamange. Pitani kuseri kwa guwa lalikulu, kumene kuli bokosi lokutidwa ndi golide limene Akatolika amakhulupirira kuti muli mafupa a anzeru a kum'mawa aja amene anadzaona Yesu atabadwa. Mafupawo anabwera kuchokera ku Milan, mzinda wa ku Italy, mu 1164, ndipo unyinji wa amwendamnjira odzawaona ndi umene unachititsa kuti pamangidwe nyumba yaikulu chotere. Funaninso mtanda wa Gero, amene anali bishopu wamkulu wa ku Cologne, wosemedwa pa mtengo zaka zoposa 1,000 zapitazo. Nkhope ya Yesu yowerama ndi maso otsekawo imamugwira mtima aliyense woima nayo pafupi. Ine ndimakondanso windo la 2007 la katswiri wojambula Gerhard Richter, lopangidwa ndi timagalasi tamitundumitundu toposa 11,000, ndipo ndi bwino kuliona masana, dzuwa likamamwaza mitunduyo pansi ndi pa zipilala.

Ngati mawondo ali bwino, gulani tikiti yokwerera nsanja ya kumwera. Masitepe alipo 533, opapatiza ndi ozungulira, choncho valani nsapato zafulati ndipo musasenze chikwama cholemera. Pokwera mudzadutsa belu la Petulo Woyera, lolemera pafupifupi matani 24.

Madzulo wolokani mtsinje wa Rhine poyenda wapansi pa mlatho wa Hohenzollern, umene okondana anaupachika maloko osawerengeka, kenaka mutembenuke mukafika tsidya linalo. Chithunzi chabwino cha tchalitchichi chimajambulidwa pamenepo, magetsi akangoyatsidwa.