Dashibodi ya WordPress ikusocheretsa anthu, muyambire apa

Mwafunsa kuti muikonze bwanji dashibodi ya WordPress (tsamba loyendetsera webusaiti, lomwe olemba amalowamo poika nkhani) poti olemba nkhani akusochera, wina ndi wosaona. Choyamba khalani pambali pa mmodzi akamaika nkhani, osamuthandiza ayi, pomwe wakakamira muzilemba. Kenako menyu yakumanzere ija ichepe, mpatseni wolemba aliyense role (udindo) ya Author basi, yomulola kulemba ndi kutulutsa nkhani zake zokha, menyu ya ma plugin (timapulogalamu towonjezera) saionanso.

Mukatero bisani mausi muyende ndi Tab ya pa kiyibodi yokha mpaka pa Publish (batani lotulutsira nkhani), batani lomwe mwafikapo lizioneka bwinobwino. Zilembo zotuwa pamalo oyera zija zimandipweteka mtima zedi, WCAG (malangizo opangira mawebusaiti oti aulumali azitha kugwiritsa ntchito) imati kusiyana kwa mitundu kusachepere 4.5:1 pa zilembo wamba.

Pomaliza ikani NVDA, pulogalamu yowerengera osaona zomwe zili pa sikirini, njaulere pa Windows, mutsinzine mumvetsere. Ikangoti "button" osatchula ntchito yake, batani limenelo lipatseni dzina.